MBIRI YA KOLERA NDI MADZI A KAFUE

Aphunzitsi onse a m'bungwe lathu akumbukira kuti m'caka ca 2024 masukulu a m'Zambia sanatsegulidwe pa tsiku limene Boma linaika. Ana anayenera kubwerera pa 8 Januwale. Tsikulo linasunthidwa kufikira pa 29 Januwale, ndipo pambuyo pace kufikira pa 12 Febuluwale. Milungu isanu ya maphunziro inatayika cifukwa ca nthenda ya kolera. M'Januwale 2018 masukulu anacedwanso kutsegulidwa pa cifukwa comweco. Nthenda imene yatitsekera zitseko kawiri pa zaka zisanu ndi cimodzi iyenera kudziwika bwino kwa mphunzitsi ali yense: kumene inacokera, umo iyendera, ndi umo anthu a maiko ena anaigonjetsera. M'nkhani yino tidzalondola mapazi ace kucokera ku India kufikira ku mzinda wa Kafue, ndipo tidzaona kuti pali ponse pamene inagonja, inagonja pamene anthu analekanitsa cimbudzi ndi madzi akumwa.

TIZIROMBO TOSAONEKA NDI MASO

Makolo athu sanadziwe cimene cimabala matenda opatsirana, ndipo Azungu a nthawi yomweyo sanacidziwenso. Madotolo ao ankaphunzitsa kuti mliri umabadwa m'mpweya wonunkha wa m'madambo ndi m'ngalande. Munthu woyamba kuona tizirombo timene lero timati mabakiteriya anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsaru wa ku Delft m'dziko la Holland, amene ankasema yekha magalasi okulitsa zinthu. M'caka ca 1676 anayang'ana dontho la madzi, naona tamoyo tosawerengeka tirikuyenda m'menemo. Koma panapita zaka ngati 200 anthu asanazindikire kuti tina mwa tamoyo timeneti ndito timadwalitsa munthu. Nchito imeneyo anaigwira Louis Pasteur wa ku France, Robert Koch wa ku Germany, ndi anzao. Gerhard Hansen wa ku Norway anaona kacirombo ka khate mu 1873. Koch anaonetsa ka cifuwa cacikuru mu 1882. Alexandre Yersin anapeza ka mliri wa makoswe ku Hong Kong mu 1894.

Mabakiteriya ndi ang'ono ndithu. Tizirombo ta kolera 500 titandandalikidwa mu mzere umodzi tingakwane milimita imodzi cabe pa rula ya mwana wa sukulu. Timaswana pa kudzigawa pakati, ndipo pamalo pofunda ndi pa cakudya kamodzi kamasanduka tiwiri mphindi 30 zisanathe. Si onse ali oipa: ena ndiwo amasasitsa mkaka, ena amakhala m'mizu ya nyemba ndi nsawawa nanenepetsa nthaka. Amene ali oipa, mtundu uli wonse uli ndi khomo lace lolowera m'thupi. Cifuwa cacikuru cimalowa ndi mpweya, kafumbata pa bala, mliri wa makoswe pa kuluma kwa nthata, ndipo taifodi ndi kolera zimalowa pakamwa. Wodziwa khomo la nthenda wadziwa pomangira mpanda.

UMO KOLERA IPHERA

Munthu akamwa madzi kapena kudya cakudya cokhala ndi tizirombo ta kolera, tambiri timafa m'cifu, koma totsala timafika m'matumbo aang'ono ndi kuswana m'menemo. Sitilowa m'mwazi iai. Timangoturutsa ululu umene umacititsa matumbo kukhetsa madzi ndi mcere wa m'thupi, m'malo mwa kuzimwerera monga mwa nthawi zonse. Ululu umenewu anauonetsa Dr. Sambhu Nath De wa ku Calcutta m'caka ca 1959. Nthenda imaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku asanu. Wodwala amatsegula m'mimba madzi oyererako onga otsukira mpunga, nasanza. Maso amalowa m'kati, khungu la zala limakwinyika, miyendo imakokana, ndipo mau amatha. Munthu wamkuru wodwala kwambiri angataye lita imodzi ya madzi pa ola limodzi, kotero kuti wodzuka wamoyo m'mawa angathe kumwalira dzuwa lisanalowe. Mwa odwala kwambiri osalandira cithandizo, mmodzi mwa anai, kapena ngakhale theka, amafa. Mwa olandira cithandizo msanga, amene amafa sakwana mmodzi pa 100.

Pali cinthu cina cimene mphunzitsi asaciiwale. Ambiri olandira tizirombo timeneti sadwala konse, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono. Komabe amatituruta m'cimbudzi cao kwa masiku angapo. Munthu wooneka wamphamvu, wotsika basi ndi katundu wace pamutu, angakhale atanyamula mliri osadziwa.

KUCOKERA KU GANGES KUFIKIRA KU ZANZIBAR

Kwao kwa kolera ndi ku Bengal, kumene mtsinje wa Ganges umathira m'nyanja. Kumeneko inakhala kuyambira kale lomwe. M'caka ca 1817 inabuka koopsa, ndipo inaturuka m'dzikomo pamodzi ndi asilikari, amalonda ndi zombo. Kuyambira pamenepo yazungulira dziko lapansi kasanu ndi kawiri. Inafika ku Russia ndi ku England pofika 1831, niwoloka nyanja kunka ku America mu 1832.

Africa wa kum'mawa sanapulumuke. M'zaka za 1869 ndi 1870 kolera inapha anthu zikwi zambiri pa cisumbu ca Zanzibar ndi m'mbali mwa nyanja. Dotolo wina wa kumeneko, James Christie, anafunsa amalonda ndi amtengatenga za kumene anakomana nayo, ndipo m'buku lace la 1876 anaonetsa kuti nthendayo inatsata njira za maulendo a minyanga ndi akapolo, niyenda liwiro la munthu wa pansi. Sinaulukire pa mphepo. Inagona pamene alendo anagona, nimwa pamene iwo anamwa.

DOTOLO NDI MBUSA WA KU LONDON

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti 1854 kolera inagwa m'dera la Soho mu mzinda wa London, ndipo anthu oposa 600 anafa, ambiri a iwo m'masiku khumi oyamba. Dr. John Snow, amene anali atakana kale ciphunzitso ca mpweya wonunkha, anatenga maina a akufa, nayendera nyumba zao, nafunsa pamene ankatunga madzi. Anapeza kuti pafupifupi onse ankamwa pa mpope umodzi wa mu mseu wa Broad Street. Anchito a pa nyumba yofulira moŵa mu mseu womwewo, amene sankamwa pa mpopewo, sanafe. Koma mai wina wamasiye wokhala kutali ku Hampstead, amene ankaitanitsa madzi a pa mpopewo cifukwa anawakonda kukoma kwace, anamwalira. Snow anaika zonsezi pamaso pa akuru a deralo, ndipo pa 8 Seputembala anacotsa cogwirira ca mpopewo.

Tisanene kuti akuruwo anakhulupirira pomwepo. Mliri unali utayamba kale kucepa, ndipo ambiri anati dotoloyo alikulota. Mmodzi wa okana anali mbusa wacinyamata wa mpingo wa m'deralo, Rev. Henry Whitehead. Iye anadziwa banja liri lonse ndi dzina, ndipo anayamba kufunsa khomo ndi khomo kuti atsutse Snow. Koma zimene anamva zinamtembenuza, ndipo ndiye anapeza gwero la mliri wonse: khanda la pa nyumba ya nambala 40 linadwala poyamba, ndipo mai wace anathira madzi ocapira matewera m'dzenje la zonyansa limene linali kutali ndi citsime ca mpopewo osakwana mita imodzi. Njerwa za dzenjelo zinali zitagumuka. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu awiriwa anapeza njira ya nthenda ndi kufunsa ndi kuwerenga kokha, asanaone kacirombo kace.

M'caka comweco Filippo Pacini wa ku Florence anakaona kacirombo m'matumbo a akufa, koma mau ace sanamveke. Koch anakapezanso ku Calcutta mu 1884, m'odwala ndi m'thamanda limene anthu ankasambamo ndi kumwamo, nakafanizira ndi cizindikiro ca koma cimene timaphunzitsa ana polemba. London inamanga ngalande zazikuru zocotsa zonyansa mu mzinda, ndipo mliri wa 1866 ndiwo unali wotsiriza kumeneko.

MIZINDA IWIRI PA MTSINJE UMODZI

Phunziro limene litikhudza kwambiri ife a m'mbali mwa Kafue linacokera ku Germany mu 1892. Mizinda ya Hamburg ndi Altona inali yogundana, kotero kuti mlendo sakadadziwa pamene wina uthera ndi pamene wina uyambira. Yonse iwiri inkamwa mtsinje wa Elbe. Hamburg inkatunga kumtunda, koma inkapereka madziwo kwa anthu osasefa, cifukwa akuru ace anazengereza zaka zambiri kuturutsa ndalama. Altona inkatunga kunsi, kumene zonyansa za Hamburg zinali zitathiramo kale, koma inkasefa madzi ace m'mcenga. Kolera itabwera, anthu oposa 8,000 anafa ku Hamburg, pamene ku Altona anafa owerengeka poyerekeza. Mtsinje unali umodzi, mpweya unali umodzi. Cosiyana cinali mcenga wosefera. Caka cotsatira Hamburg inatsiriza zosefera zace, zimene zikadamangidwa msanga zikadapulumutsa anthu onsewo.

KAFUE: MLATHO, SUKULU NDI MIPOPE

Tsopano tibwere kwathu. Mzinda wa Kafue unabadwa ndi njanji. M'caka ca 1906 omanga njanji yocokera ku Livingstone kunka ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, anawolotsa mtsinje pa mlatho wacitsulo wa mamita oposa 400, ndipo pa tsidya la kumpoto panamera siteshoni, masitolo ndi nyumba. Amisyoni a Primitive Methodist anatsegula pafupi ndi pamenepo sukulu yophunzitsa aphunzitsi, Kafue Training Institute, mu 1918, ndipo mkuru wace anali Rev. John Fell. M'mwezi wa Juni 1924 amisyoni a dziko lonse anasonkhana pa Kafue, nakomana ndi nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zotsogozedwa ndi Dr. Thomas Jesse Jones. Nthumwizo zinalangiza kuti sukulu ya kumudzi iphunzitse umoyo wa thupi, makhalidwe a pabanja ndi ulimi pamodzi ndi kuwerenga.

Cipatso ca uphungu umenewo cinali sukulu ya Jeanes ya ku Mazabuka, imene inayamba nchito pofika 1930 m'manja mwa Fell yemweyo, ndipo pambuyo pace inasamukira ku Chalimbana. Ku Nyasaland inzace inali pa Domasi. Aphunzitsi oturuka m'masukulu amenewa, pamodzi ndi akazi ao, ankayendera midzi, naphunzitsa kukumba zimbudzi ndi maenje a zinyalala ndi kusamala zitsime. Adani ao pa nthawiyo anali kamwazi, taifodi, njoka za m'mimba ndi likodzo. Kolera sanaidziwe, pakuti kwa zaka zambiri sinamveke kwenikweni kum'mwera kwa cipululu ca Sahara. Koma mpanda umene analikumanga ndi womwewo umene umaletsa kolera.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linasankha Kafue kukhala mzinda wa mafakitale. Linamangapo fakitale ya nsaru ndi ya feteleza, Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970. Anthu anadza kucokera ku zigawo zonse kudzafuna nchito, ocuruka kuposa nyumba zimene zinamangidwa, ndipo otsala anadzimangira okha m'makomboni, nakumba okha zimbudzi ndi zitsime. M'caka comweco ca 1970 anatsegula pa Iolanda, m'mphepete mwa mtsinje, nyumba yoyeretsera madzi. Pamenepo madzi a Kafue amadikhitsidwa, nasefedwa m'mcenga monga ku Altona, nathiridwa klorini, ndipo makina amawakankha m'mipope yaikuru kukwera mapiri, kudzera ku Chilanga, kufikira ku Lusaka, ulendo wa makilomita ngati 50. Cotero Kafue ndiye citsime ca likulu la dziko. Koma mipope siifika pa khomo liri lonse, kaya ku Lusaka kaya ku Kafue komwe, ndipo kolera imafunafuna makomo otsalawo.

KOLERA IFIKA KU ZAMBIA

Ulendo wacisanu ndi ciwiri wa kolera unayamba pa cisumbu ca Sulawesi ku Indonesia mu 1961, ndi mtundu wa kacirombo wochedwa El Tor, umene umakhalitsa m'madzi ndiponso umasiya onyamula ambiri osadwala. Unalowa m'Africa wa kumadzulo mu 1970, nufika ku Malaŵi mu 1973, ndi ku Zambia m'zaka za 1977 ndi 1978. Kuyambira pamenepo sunacoke. M'caka ca 1991 odwala m'Zambia anaposa 13,000. Mu 1992 anaposa 11,000, ndipo mu 1999 anaposanso 11,000. Mliri umene unalengezedwa ku Lusaka pa 6 Okutobala 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,900 pofika Meyi 2018, ambiri a iwo a m'Lusaka momwemo, makamaka m'makomboni onga Chipata ndi Kanyama. Boma linaturutsa asilikari kukasesa misika, linaletsa malonda a m'miseu, linakwirira zitsime zosaya, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala.

Mu 2018 dziko la Zambia linatsogolera maiko pa msonkhano wa bungwe la umoyo la dziko lonse kupempha kuti kolera ithetsedwe, ndipo linadziikira lokha caka ca 2025. Koma m'Okutobala 2023 mliri unabukanso ku Lusaka, nufalikira ku zigawo zonse khumi, ndi ku boma la Kafue lomwe. Odwala anaposa 20,000 ndipo akufa anaposa 700. Sunaonekepo waukuru wotere m'dziko muno. Abale athu a ku Malaŵi anali atangoturuka m'wao wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700.

Madzi saiwala khwawa, ndipo kolera nayo imabwerera m'makwalala ace akale pa nyengo yace, ndiyo ya dzinja. Cifukwa cace ncosabvuta kucimva. Lusaka wamangidwa pa mwala wa mtundu wa laimu, wonga umene amapangira simenti ku Chilanga, ndipo mwalawo uli ndi ming'alu ndi mapanga. Mvula ikagwa, madzi a pansi amakwera kufikira pafupi ndi pamwamba, nalowa m'maenje a zimbudzi, nayenda m'ming'alu kunka ku zitsime zosaya. Cimene cinacitika pa citsime cimodzi ca Broad Street cimacitika pa zitsime mazana. Ku Kafue ngozi iri m'malo otsika amene madzi amaima pa dzinja, ndi m'misasa ya asodzi ya m'madambo a mtsinje, kumene kukumba cimbudzi nkobvuta cifukwa dzenje limadzala madzi, ndipo mtsinje womwewo ndiwo citsime, bafa ndi chire. Kuonjeza apo, mseu waukuru ndi njanji zimapyola mu mzindamo, ndipo amalonda a nsomba amayenda tsiku ndi tsiku pakati pa madambo ndi misika ya ku Lusaka. Monga m'masiku a Christie, nthenda imayenda pamene anthu ayenda.

MADZI A MOYO

Mankhwala opha mabakiteriya, kuyambira penisilini amene Alexander Fleming anampeza mu 1928, asintha mbiri ya matenda ambiri. Khate ndi cifuwa cacikuru lero zimacizika. Koma pa kolera mankhwala otere amangofupikitsa nthenda, ndipo akamwedwa mwacisawawa tizirombo timawazolowera ndi kuleka kuwamva. Copulumutsa wodwala ndico kumbwezera madzi ndi mcere zimene alikutaya. Kale izi zinkatheka m'cipatala mokha, pa kulowetsa madzi mu mtsempha. Pambuyo pace ophunzira anapeza kuti matumbo, ngakhale ali ndi ululu wa kolera, amamwerera mcere ndi madzi ngati pali shuga pang'ono. M'caka ca 1971, pa nkhondo ya Bangladesh, Dr. Dilip Mahalanabis anali pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon, ndipo mabotolo a mu mtsempha anamthera. Anasakaniza mcere ndi shuga m'migolo ya madzi, nauza abale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu. Akufa anatsika kucokera pa 30 mwa 100 kufikira osakwana anai.

Timapaketi timene m'dziko muno tinachuka ndi dzina lakuti Madzi a Moyo ndi mbadwa za migolo imeneyo. Pamene palibe paketi, mai angathe kusakaniza lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere, zonse zosasefukira, ndi kumwetsa wodwala pang'ono pang'ono osaleka, ngakhale alikusanza, ali pa ulendo wa ku cipatala. Mcere usapitirire muyeso, makamaka kwa ana. Kuyambira 1998 m'masitolo mwapezekanso timabotolo ta Clorin toyeretsera madzi a m'nyumba. Katemera wa pakamwa aliponso, ndipo anaperekedwa ku Lusaka mu 2016, mu 2018 ndi mu 2024. Iye amathandiza kuzima moto, koma mphamvu yace imatha patapita nthawi, ndipo pa dziko lonse anali wocepa, kotero kuti mu 2022 maiko anagwirizana kupereka kamodzi m'malo mwa kawiri.

GAWO LA MPHUNZITSI

Nanga ife a coko ndi bolodi, mbiri iyi itiuza ciani? Poyamba itiuza kuti kolera si nthenda ya anthu auve kapena opusa. Mai wa pa nambala 40 analikucapa matewera a mwana wace monga mai wabwino ali yense. Colakwika cinali dzenje logumuka pafupi ndi citsime. Anthu a ku Hamburg sanali auve kuposa a ku Altona. Cifukwa cace tisamangokalipira ana kuti asambe m'manja pamene pa sukulu palibe madzi, kapena kuti apite ku cimbudzi pamene ana mazana alikulimbirana maenje awiri. Kuyambira 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana acuruka m'makalasi athu, ndipo tikondwera. Koma tiwerengenso zimbudzi zathu, ngati zacuruka pamodzi nao.

Kaciwiri, mphunzitsi ali ndi cida cimene Snow anacisowa: buku la maina. M'mawa uli wonse timaitana ana a midzi yonse yozungulira. Tikaona kuti atatu kapena anai a mudzi umodzi ajomba cifukwa ca m'mimba, tifunse kumene amatunga madzi, ndipo tidziwitse a cipatala tsiku lomwelo, osadikira Loweruka. Tiphunzitsenso ana kuti kutsegula m'mimba si cinthu cobisa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pa mliri wa 2023 ndi 2024 ambiri anafera kunyumba kapena pa njira, osafika m'manja mwa anamwino.

Kacitatu, phunziro la mapu lingakhale phunziro la moyo. Ana a makalasi apamwamba ajambule mudzi wao, naike cizindikiro pa citsime ciri conse ndi pa cimbudzi ciri conse, nayese mtunda ndi cingwe. Cimbudzi ciyenera kukhala kunsi kwa citsime, ndi kutali naco mamita 30 kapena kuposa. Aonetsenso pamene madzi amaima pa dzinja. Mapu otere asathere pa khoma la kalasi. Apite ku komiti ya makolo, kwa amfumu, kwa khansala, ndi kwa iwo amene amagawa ndalama za citukuko ca dera. Whitehead anamveka cifukwa anadziwa nyumba iri yonse ndipo anabwera ndi ciwerengero. Pempho la mjigo lokhala ndi mapu ndi maina a midzi limalemera kuposa dandaulo la pakamwa.

Kacinai, tithandize pa nkhani ya maliro, imene iri yowawa. Thupi la womwalira ndi kolera, zobvala zace ndi mphasa yace zimakhala ndi tizirombo tambiri, ndipo manja amene asambitsa mtembo ndi omwewo amene amaphika nsima ya olira. Pamene a zaumoyo aletsa kusambitsa, kugona pa siwa ndi kusambira m'manja m'mbale imodzi, anthu amamva ngati alandidwa mbale wao kawiri. Mphunzitsi, amene kawirikawiri alinso mkuru wa mpingo, angathe kukhala pansi ndi eni maliro ndi kufotokoza mofatsa cifukwa cace, kuti maliro amodzi asabale ena asanu.

Zotsala nzimene aphunzitsi a Jeanes ankaphunzitsa agogo athu: kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, kuwasunga m'cotengera ca kukamwa kwakung'ono cobvundikira, kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa pa madzi othira, kudya cakudya cikali cotentha, kubvundikira dzenje la cimbudzi kuti nchenche zisaturukemo, ndi kutaya cimbudzi ca khanda m'dzenje momwemo, pakuti naco ncoopsa monga ca wamkuru. Nyengo yokonzera zonsezi ndi ya cirimwe, pamene nthaka iri youma ndipo dzenje likumbika. Bungwe lathu lipempha nthambi iri yonse kuti pa msonkhano wace wa mwezi wa Seputembala mphunzitsi wamkuru ali yense adzabwere ndi ziwerengero zitatu: ana a pa sukulu yace, maenje a zimbudzi amene alikugwira nchito, ndi mtunda wa kumene ana amatunga madzi akumwa. Tikasonkhanitsa zimenezi, tidzakhala ndi mau oti tinene kwa akuru a Boma mvula isanagwe.